Chimatikokera ku zakudya za m'mapaketi n'chiyani?

Kachere77:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mukaima pa okala madzulo n'kuona zimene anthu akunyamula, ndi soya pieces, manudozi, kamba, mabisiketi, majarini, Sobo ndi timapaketi tokometsera ndiwo. Ogulawo ndi omwe aja amadandaula kuti ndalama yavuta. Chonsecho pamsika nyemba zilipo, mbatata ilipo, bonongwe ndi chisoso zili mbwee nyengo ya dzinja. Chimene chimakokera banja ku zakudya za m'mapaketi n'chiyani kwenikweni? Mtengo, ulesi, kusadziwa kapena matama? Ndikufuna mayankho ogwirika, osati kungonyoza amayi a m'tauni.

Bwandilo_Boy:
Ulesi basi. Tsekani nkhaniyi.

Mbaula_Yamoto:
A Bwandilo, mwathamanga. Mtengo wa ndiwo suthera pa ndalama imene mwapereka pamsika. Muonjezerepo moto, madzi ndi nthawi. Tengani nyemba zouma zosanyika: pa mbaula zimadya maola awiri kapena atatu, ndipo zikakhala zogonera chaka zimapitirira pamenepo chifukwa zimauma mtima, madzi salowa msanga. Pa maola amenewo makala muthira kawiri kapena katatu. Soya pieces mumanyika m'madzi otentha mphindi 5 mpaka 10, kufinya, kukazinga ndi anyezi ndi tomato, pa mphindi 20 ndiwo zapsa, ndipo moto wotsalawo ukwanira nsima. Manudozi ndi mphindi 3. Munthu wogula makala a m'kajumbo tsiku ndi tsiku akawerengera bwino, nyemba zotchipa zija zimatuluka zodula. Wophikira pa hotplate nayenso ali ndi vuto lake: mayunitsi amatha akuona, ndipo magetsi akazima nyemba zili pakati, zimachita kukhadzula, osafewanso bwino.

Bwandilo_Boy:
Nanga makolo athu ankaphika bwanji nyembazo?

Mbaula_Yamoto:
Pa mafuwa, ndi nkhuni zotola ulere, pakhomo pali munthu tsiku lonse wosonkhezera moto. Mayi wogulitsa mumsika wa Limbe wofika kunyumba 7 koloko usiku alibe nkhuni zaulere, alibenso wosonkhezera.

ZaKadyedwe:
Tisanapite patali tigwirizane kaye chimene tikukamba, chifukwa si chilichonse cha m'paketi chili m'gulu limodzi. Akatswiri a ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil, motsogozedwa ndi Carlos Monteiro, anayamba mu 2009 kugawa zakudya potengera mmene zakonzedwera, ndipo kagawidweko kanadzatchedwa NOVA. Magulu ndi anayi. Loyamba ndi chakudya monga chilili, kapena chongoumitsa, kusinja, kuwiritsa: nyemba, ufa, usipa wouma, mfutso, mazira, mkaka. Lachiwiri ndi zophikira, monga mafuta, shuga ndi mchere. Lachitatu ndi pamene mwaphatikiza awiri oyambawo kuti chinthu chisungike kapena chikome, monga nsomba za m'chitini, mtedza wokazinga wothira mchere, buledi wa ufa, madzi, mchere ndi yisiti basi.

Lachinayi ndiye nkhani yathu. Apa fakitale imaphwanya mbewu n'kutengamo sitachi payekha, mafuta paokha, shuga kapena puloteni payekha, kenako n'kuziumbanso ndi utoto, fungo lochita kupanga, zotsekemeretsa ndi mankhwala ogwirizanitsa mafuta ndi madzi. Njira yachidule yozindikirira ndi kuwerenga mndandanda wa zimene zathiridwamo. Mukapezamo mayina oti simungawapeze m'khitchini ya munthu, monga maltodextrin, glucose syrup, tartrazine kapena aspartame, muli m'gulu lachinayi.

Gogo_Nsinjiro:
Ndiye ufa woyera uli pati, mwanangu? Chimanga chija timakonola, kunyika masiku atatu, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, kuyanikanso. Si kukonza kwambiri kumeneko?

ZaKadyedwe:
Uli m'gulu loyamba, agogo, ngakhale kuti wataya zambiri. Pokonola mumachotsa gaga ndi mtima wa chimanga, mmene muli mafuta ndi mavitamini a B, ndipo ponyika zina zimapita ndi madzi. Pa thanzi mgaiwa umauposa. Koma palibe chachilendo chimene chathiridwamo. NOVA imayang'ana kakonzedwe, siyeza zofunika m'thupi zimene zatsalamo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaitsutsira.

Mgaiwa_Original:
Mgaiwa ukanakhala munthu bwenzi utakasuma kwa amfumu. Anauipitsira mbiri ku boarding ndi kundende, lero mlendo ukamuphikira amakayesa kuti pakhomopo pagwa njala.

PaOkala_Pathu:
Mbali imene anthu amaiwala ndi ya wogulitsa. Munthu amagula chimene chili pafupi, ndipo chimene chili pafupi anasankha ndi mwini okala. Iyeyo amawerengera kuti katundu aonongeka liti, atenga malo otani, atuluka msanga bwanji. Tomato wakupsa masiku atatu kapena anayi wayamba kufewa. Mpiru tsiku limodzi wafota. Mkaka wa ng'ombe wopanda filiji sufika mawa. Belo la kamba kapena katoni ya mabisiketi imakhala miyezi osasintha, mdani wake ndi makoswe ndi chinyezi basi. Phindu pa kapaketi kamodzi ndi lochepa, koma palibe chotaya, ndipo mpamba wochepa sufuna katundu wowola.

Kenako pali kabweredwe. Katundu wa m'mapaketi amakupeza wekha, galimoto ya kampani kapena wa njinga yamoto amafika mpaka pakhomo, pomwe masamba umayenera kulawirira kumsika mbandakucha kukapikula. Makampani a zakumwa amabwereketsa filiji kwa wogulitsa amene amatulutsa katundu wambiri, pa mgwirizano woti aziikamo zawo zokha, ndipo ena amapenta ndi khoma lomwe. Ndiye chozizira chokhacho pa malo onsewo chimakhala chakumwa chawo.

Onaninso kayalidwe. Kamba ndi maswiti amapachikidwa pa waya kutsogolo, pa msinkhu wa maso a mwana amene watumidwa mchere. Chenje chikasowa, mwana amabwerera ndi switi. Amachita kuganizira zimenezi, sizingochitika.

Akawuntanti_waGanyu:
Ndionjezere pa timapaketi ting'onoting'ono. Wolandira ndalama pa tsiku amagulanso pa tsiku. Waganyu, wakabaza, wogulitsa mandasi sakhala ndi ndalama ya ndowa ya nyemba kapena mafuta a malita awiri, ali ndi ya lero. Funso lake pa okala silikhala loti chotchipa pa kilo n'chiti, limakhala loti ndi imene ili m'manjayi chikwane n'chiti. Mafakitale anazindikira izi kalekale, n'chifukwa chake chilichonse chili ndi kapaketi kake.

Koma kapaketi n'kodula. Tingoyerekeza, manambalawa ndi ofanizira chabe: paketi ya magalamu 500 ili pa K5,000, ndiye kuti galamu ndi K10. Kapaketi ka magalamu 20 ka chinthu chomwecho kali pa K300, galamu ndi K15. Wogula kapaketi walipira theka lina pamwamba. Ndi mmene zilili ndi ufa wa walkman komanso mafuta a m'timachubu, kungoti kumeneko wogawa ndi wa pabenchi.

China ndi kulowana m'malo. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, banja silinasiye kudya, linangotsika sitepe. Nyama ikakwera, soya pieces amalowa m'malo chifukwa amaoneka ngati nyama m'mbale. Mkaka ukakwera, kumabwera ufa woyeretsa tiyi uja, umene ambiri amauyesa mkaka pomwe kwakukulu ndi glucose syrup ndi mafuta a zomera. Tomato akadula, kapaketi kokometsera kamapereka mtundu ndi msuzi wokhuthara pa mtengo wa tomato mmodzi kapena awiri.

NamwinoWaUsiku:
Pa ufa woyeretsa tiyiwo ndiimepo pang'ono. Usamaperekedwe kwa khanda ngati mkaka. Mulibe puloteni ndi calcium zimene mwana amafuna, amangokhuta shuga ndi mafuta. Mkaka weniweni waufa pa mndandanda wake chinthu choyamba chimakhala mkaka.

Kachere77:
Ndamva. Koma zonsezi zikufotokoza ovutika. Nanga a ku Area 47 ndi ku Namiwawa, oti filiji ali nayo, gasi ali naye, wantchito ali naye, bwanji ngolo yawo m'sitolo imadzaza poloni, masoseji, cornflakes ndi yogati wotsekemera?

Lusaka_Nyanja:
Amenewo chimawakoka n'china, koma amakathera pamodzimodzi. Wolandira malipiro pa mwezi amagula kamodzi zinthu za mwezi wonse, ndiye amasankha zosaola. Ndipo pamene ukugulira pamasintha chimene ukugula. M'sitolo yaikulu masamba amatenga kona imodzi, mashelefu ena onse ndi a m'mapaketi, zotsitsidwa mtengo zimaikidwa kumapeto kwa mzere, chokoleti pamene ukudikira kulipira. Kafukufuku wa Makaiko Khonje ndi Matin Qaim wa mabanja a mu Lusaka, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti kugula m'masupamaketi kumayendera limodzi ndi kudya zambiri za gulu lachinayili. Koma anapezanso kuti magolosale wamba ndi tuntemba ta m'makomboni nato timakankha zomwezo. Ndiye tisamangoloza chala masitolo akuluakulu, a PaOkala anena zoona.

M'mawa ndi pamene mabanja opeza bwino amagonjera. Ana ayenera kukhala pa geti ya sukulu 7 koloko, msewu ndi wodzaza. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limafuna mphindi 20 mpaka 30 ndi munthu wotakasa. Cornflakes ndi kuthira mkaka basi, buledi ndi kupaka majarini.

Aphunzitsi_aStd3:
Mwafika pa ana, ndiye pamene pagona nkhani. Kawirikawiri wosankha si amene ali ndi ndalama. Mwana akapatsidwa kandalama ka pa buleki, pa geti pamakhala kamba, mafilizi a utoto, maswiti, mabisiketi a kirimu, ndipo mitengo yake inachita kuyezedwa pa kandalama ka mwana. Nthochi ndi mtedza zimapezeka, koma sizituluka ngati kamba.

Ku sukulu za mkaka n'koposa. Ana amatsegula zonyamula zawo pamodzi. Wobwera ndi mbatata yophika m'kontena amaona mnzake akuboola juwisi wa m'kabokosi ndi kathumba konyezimira. Mawa lake amakana mbatata. Mayi amene akufuna kuti mwana asalire pa geti, komanso kuti aphunzitsi asamuone ngati wolephera, amagula kathumba konyezimirako. Mbatata imathanso kuchita thukuta m'kontena yotseka ikaikidwa yotentha, pofika 10 koloko yanyowa ndipo yasintha fungo. Kamba sachita zimenezo.

Sukulu zimene zimaika tsiku la zipatso, kapena kuletsa zakumwa zotsekemera kwa ana onse, zimapeputsa makolo, chifukwa mpikisano umatha. Kholo limodzi palokha silingalimbane ndi kalasi yonse.

Nachisale_wa_Dowa:
Matama musawachotse pa mndandanda. Mlendo wolemekezeka akabwera timatuma mwana kukagula Fanta, thobwa timamwa tokha kuseri. Pa Khirisimasi ndi mpunga, nkhuku ndi kireti ya zakumwa. Kukazonda wodwala ku chipatala timanyamula Sobo ndi mabisiketi, ngakhale wodwalayo ali wa shuga. Wochokera ku tauni kupita kumudzi akafika ndi buledi ndi majarini ndiye kuti zikumuyendera. Mwana wokulira m'zimenezi amaphunzira kuti cha m'botolo ndi cha ulemu, cha m'mphika ndi cha masiku onse. Akadzayamba ntchito, malipiro oyamba mukuganiza kuti agula chiyani?

Bwandilo_Boy:
Thobwa la masiku ano nalonso amathira shuga ngati akupikisana. Musalipange loyera.

Nachisale_wa_Dowa:
Pamenepo sindikutsutsani, achimwene. Thobwa lofulidwa bwino limatsekemera ndi chimera. Phala likazizira kufika poti chala chipirire, muthira chimera cha mawere kapena cha chimanga, n'kusiya kuti chisungunule phalalo. Mukathira phala likadali lowira, chimera chimafa mphamvu, thobwa silitsekemera, ndiye ogulitsa amakwirira ndi shuga.

Gogo_Nsinjiro:
Ndipo chimera cha mawere sichifanana ndi cha chimanga. Cha mawere ndiye chimapereka mtundu ndi fungo lija.

Kachere77:
Agogo ndi a Nachisale, za thobwa titsegulira nkhani yake. Funso langa lina ndi ili: kodi n'zoona kuti zinthuzi amazipanga dala kuti munthu asamakhute?

ZaKadyedwe:
Pali kafukufuku mmodzi amene amatchulidwa kwambiri chifukwa anachitika mosamala. Mu kafukufukuyu, wofalitsidwa mu 2019, gulu la Kevin Hall ku National Institutes of Health ku America linasunga anthu 20 m'chipatala chofufuzira kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankapatsidwa zakudya za gulu lachinayi, milungu iwiri zakudya zosakonzedwa kwambiri. Mbale zonse anaziyeza kuti shuga, mafuta ndi mchere zoperekedwa zifanane, ndipo aliyense ankadya mmene akufunira. Pa zakudya za m'fakitale anthu ankadya ma calorie (muyezo wa mphamvu ya chakudya) pafupifupi 500 oonjezera pa tsiku, ndipo ananenepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa zinazo anatsika pafupifupi chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti atafunsidwa sananene kuti za m'fakitale zikukoma kuposa zinazo. Chimene chinaoneka n'chakuti ankazidya mofulumira.

Ganizirani chimanga chokazinga ndi kamba. Zonse ndi chimanga. Chokazinga mumatafuna mpaka nsagwada kutopa. Kamba anapangidwa pokankha ufa wonyowa pa makina otentha ndi opanikiza, potuluka umafufuma, n'kuupopera mafuta, mchere ndi fungo. Amasungunuka m'kamwa, m'mimba simumva kuti mwalowa kanthu, dzanja labwerera kale m'thumba. Kwa wogula ndiye kuti kapaketi kamodzi sikakwana. Anthu 20 ndi ochepa, ndipo milungu iwiri ndi yochepa, koma zotsatira zake zikugwirizana ndi zimene aliyense amaona pa mwana ndi thumba la kamba.

NamwinoWaUsiku:
Anthu aphunzire kuwerenga paketi, masamu ake ndi awiri okha.

Shuga: supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu 4. Zakumwa zambiri za gasi zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100. Botolo la 300 ml ndiye magalamu 30, masupuni 7 ndi theka. La 500 ml ndi magalamu 50. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku, ndipo kutsika kufika pa 25 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi lalikulu lamaliza tsiku lonse, tiyi wa m'mawa wa masupuni atatu tisanamuwerengere. Pa zakumwa zosungunula ndi madzi onetsetsani ngati nambala yalembedwayo ndi ya chosungunula kale kapena ayi, chifukwa kunyumba ambiri amathira mowirikiza kuposa muyezo wa pa botolo.

Mchere: pa paketi amalemba sodium. Chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere. Paketi ya manudozi ikalembedwa sodium mamiligalamu 1,200, ndiye mchere magalamu 3, pomwe WHO imati tsiku lonse usafike magalamu 5. Mchere wambiri umakhala m'kathumba ka zokometsera kaja, ndiye kuthira theka lake ndi kusamwa msuzi wonse kumachepetsa kwambiri. Timakyubu ta m'ndiwo pafupifupi theka lake ndi mchere. Cholakwika chofala ndi kuthira kyubu, kuthira kathumba ka mu soya pieces, kenako n'kuthiranso mchere wa masiku onse.

Mndandanda wa zothiridwa umayamba ndi chochuluka kwambiri. Juwisi amene wayamba ndi madzi kenako shuga, chipatso chili kumapeto, ndi madzi a shuga. Onaninso mawu akuti per serving: paketi imodzi ikhoza kuwerengedwa ngati ya anthu atatu pomwe mwana amaimaliza yekha.

Nkhaniyi si ya ku Ulaya kokha. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Wa zaumoyo wa mabanja wotchedwa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu ali opinimbira, pomwe amayi 21 pa 100 anali onenepa kupitirira muyezo. Zonse ziwiri zimatha kupezeka pa khomo limodzi.

MlangiziWaMbewu:
Ine ndikutsutsaniko pang'ono, chifukwa mukuyankhula ngati cha kumunda chilichonse n'chabwino ndipo cha kufakitale chilichonse n'choipa. Mtedza ndi chimanga zosaumitsidwa bwino zimachita chuku, ndipo poizoni wake wa aflatoxin samatha ndi kuphika. Amaononga chiwindi ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Nsinjiro za pamsika nthawi zina zimasinjidwa kuchokera ku mtedza wosankhidwa wotsala, wofota ndi wobooka uja. Mayi amene amakhulupirira paketi yotseka yokhala ndi chizindikiro cha MBS, bungwe loyeza ubwino wa katundu, kuposa zoyezera pa mbale pafumbi sakulakwitsa kotheratu. Nthawi ya kolera timauza anthu tokha kuti apewe zakumwa zofulula ndi madzi osadziwika, ndiye tisadabwe akathamangira cha m'botolo.

Komanso fakitale ndi imene imatithirira ayodini mu mchere, vitamini A mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Likuni Phala ndi chimanga ndi soya zokonzedwa ndi makina. Chiponde chopatsa ana onyentchera ku chipatala ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini za m'paketi, ndipo chimapulumutsa miyoyo. Soya pieces amene mukuwanenawo ali ndi puloteni wochuluka, ndipo kwa banja losakwanitsa nyama ndi abwino kuposa nsima ya mchere.

ZaKadyedwe:
Pa soya pieces tikugwirizana. Vuto lawo lalikulu ndi kathumba ka zokometsera ndi mafuta okazingira, osati soyayo. Sindingawaike pa mulu umodzi ndi chakumwa cha gasi, chimene mulibe chilichonse koma shuga. Ndipo mbali ina, mandasi ndi tchipisi cha pa chiwaya sizili m'gulu lachinayi, koma mafuta obwerezabwereza mpaka kuda aja sangapatsidwe ulemu chifukwa choti palibe paketi.

Mgaiwa_Original:
Mwakhudza chiwaya, gulu lino ligawanika.

Wa_ku_Joni:
Mtengo umasintha khalidwe kuposa uphungu, onani ku South Africa. Kuyambira April 2018 kuli msonkho wa pa zakumwa za shuga wotchedwa Health Promotion Levy. Magalamu 4 oyamba a shuga pa mamililita 100 salipiritsidwa, opitirira pamenepo anayamba pa masenti 2.1 pa galamu. Chitini cha 330 ml cha chakumwa cha magalamu 10.6 pa 100 ml: chotsani 4 kutsala 6.6, kuchulukitsa ndi 3.3 ndi magalamu pafupifupi 22, msonkho masenti pafupifupi 46. Ndalama yochepa, koma makampani ambiri anachepetsa shuga kuti athawe msonkho. Kungoti m'malo mwake anathira zotsekemeretsa zopanga, ndiye chakumwa chikadali cha gulu lachinayi, lilime likadazolowera kutsekemera komweko.

Leeds_Nyasa:
Ku Britain msonkho wofanana unayambanso April 2018, wogwira zakumwa zoyambira magalamu 5 pa 100 ml, ndipo opanga ambiri anatsitsa shuga msonkho usanayambe n'komwe. Komabe kuno zopitirira theka la mphamvu zimene anthu amapeza m'chakudya zimachokera ku gulu lachinayi, chifukwa chotchipa ndi chofulumira kwa wogwira ntchito ya mashifiti ndi cha mufiliji choika mu uvuni. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi ya ku Chile. Kuyambira 2016 chakudya chopitirira muyezo wa shuga, mchere, mafuta kapena ma calorie chimamatidwa chizindikiro chakuda cha makona asanu ndi atatu kutsogolo kwa paketi. Chokhala ndi chizindikirocho sichigulitsidwa m'sukulu, sichitsatsidwa kwa ana osakwana zaka 14, ndipo tizithunzi ta makatuni tinachotsedwa pa mapaketi. Mexico inatsatira mu 2020. Ubwino wake ndi woti wosadziwa masamu a a Namwino aja amangoona chakuda.

Akawuntanti_waGanyu:
Msonkho pa zakumwa ndilibe nawo vuto, madzi alipo olowa m'malo. Koma wina asadzabwere ndi maganizo okhometsa soya pieces kapena buledi. Mukakweza chotchipa osatsitsa makala kapena nyemba, mwangolanga waganyu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 okha ndi amene ankaunikira magetsi a ESCOM. Filiji ndiye musanene. Popanda posungira, uphungu woti phikani zambiri Lamlungu mudye sabata yonse ndi wa anthu ochepa.

Kachere77:
Ndiye wopanda filiji achite bwanji kuti nyemba zipikisane ndi paketi?

Mbaula_Yamoto:
Adule moto, chifukwa ndi pamene nyemba zimagonjera. Sankhani nyemba, tsukani, nyikani usiku wonse, maola 8 mpaka 12, madzi makapu atatu pa kapu imodzi ya nyemba. Nyengo yotentha musapitirire pamenepo, zimayamba kuwawasa ndi kuchita thovu. M'mawa tayani madziwo, thirani atsopano, wiritsani mwamphamvu mphindi 20 mpaka 30 pa moto womwe mwaphikira tiyi kapena madzi osamba. Kuwira kwamphamvuko musakudumphe, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zosawira bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa.

Kenako phulani poto ali wovundikira, osatsegula, muike m'dengu kapena m'katoni yoyalidwa nsanza, bulangete lakale kapena udzu wouma, pansi, m'mbali ndi pamwamba, mothina. Pakatha maola 3 kapena 4 nyemba zafewa popanda khala limodzi. Zimalephereka pa zifukwa zitatu: poto ali ndi nyemba zochepa ndiye kutentha kumatha msanga, chivundikiro n'chosakhala bwino, kapena wina watsegula kuti aone. Zikakhala m'dengu mpaka madzulo, ziwiritseninso musanadye. Tomato thirani nyemba zitafewa, chifukwa kuwawasa kwake kumazilimbitsa.

Za ana, kapu imodzi ya chimanga cha mbuliwuli ndi masupuni awiri a mafuta zimadzaza poto, pa mphindi 5, ndipo zikazizira n'kumangidwa m'jumbo zimakhala masiku angapo. Mbatata yootcha imapirira m'kontena kuposa yophika, bola izizire kaye musanatseke.

Gogo_Nsinjiro:
Kapena kungothira soda pang'ono, nyemba zimafewa msanga.

ZaKadyedwe:
Zimafewadi, agogo, koma soda ndi chidulo zimaononga vitamini B1 wa m'nyemba, monga zimaonongera vitamini C m'masamba. Mukanyika usiku simufunanso soda. Ngati nyemba ndi zakale zokanika, kansonga ka supuni yaing'ono m'madzi onyikira, n'kutaya madziwo musanaphike, n'kwabwino kuposa kuthira mumphika.

PaOkala_Pathu:
M'misika ina amayi amagulitsa nyemba zophikaphika poyeza pa kapu, wogula amangokazingira. Mphika umodzi waukulu, moto umodzi, mabanja khumi. Imeneyo ndiye ingalimbane ndi soya pieces pa liwiro, kungoti zotsala madzulo n'zotaya, ndiye wogulitsa amaphika zochepa ndipo wofika 6 koloko sazipeza.

Bwandilo_Boy:
Chabwino, si ulesi wokha. Koma a Mbaula, dengu lanulo likagwira ntchito pa nyemba, pa makanda a ng'ombe lingathe?

Mbaula_Yamoto:
Lingathe, koma awire kaye mphindi 45, poto akhale wodzaza, ndipo m'dengu akhalemo maola osachepera 5.